Manda M'munda wa Esau Makwinja

Kalabu ya Tigwirane inkakumana Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse m'kalasi ina pa sukulu yapafupi ndi Chamama. Inali kalabu ya anthu odziwika: aphunzitsi, ogulitsa feteleza ndi mbewu, mkulu wa mpingo, ndi eni maesiteti a fodya awiri atatu. Ntchito yake inkaoneka ndi maso. Ndi iwo anadzutsa mijigo yomwe inafa kalekale, ndi iwo anamanga kanyumba kodikiriramo amayi oyembekezera pa chipatala, ndipo mlatho wa mitengo ukakokoloka m'dzinja, ndi iwo ankamemeza anthu kuti akaukonze.

Tawonga Chirambo analowa kalabuyo atangobwera kudzagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'deralo. Kwawo kunali ku Rumphi, ndipo Chichewa chake chinkamveka Chitumbuka m'mphepete. Patatha zaka ziwiri anamusankha kukhala mlembi. Chimene chinkamuwawa anachiona tsiku lokonza mlatho. Anthu amene anali m'madzi mpaka m'chiuno, atasenza mitengo ya bulugama, anali matenanti a m'maesiteti. Mamembala anali pamtunda m'malaya awo achikasu, kulozera ndi chala. Pojambula chithunzi, matenanti aja anauzidwa kuti asunthe pang'ono.

Nkhaniyi anaibweretsa ku msonkhano wa mu Juni, n'kupempha kuti matenanti ndi Asilamu a pamsika nawonso azilowa m'kalabumo. Ena anati tenanti ndi munthu wodutsa, chaka chino ali pano, chaka chamawa ali ku Mchinji, ndiye umembala wake ungakhale wotani. Mphunzitsi wina anati Asilamu a pamsika ndi anthu abwino ndithu, koma nanga pemphero lotsegulira msonkhano lizikhala lotani. Anakangana misonkhano iwiri yathunthu. Amene anathetsa mkanganowo anali wapampando, a Cornelius Kamtedza, omwe ankayang'anira esiteti yaikulu kuposa ena onse kumeneko. Anali munthu wofatsa, wosakonda kukweza mawu. Ananena kuti kalabu yomwe inadzitcha Tigwirane singamasankhe dzanja loti iligwire, ndipo anthu anachita manyazi n'kuvomera.

Choncho mu Ogasiti munalowa anthu awiri. Woyamba anali a Abbasi, Msilamu wa golosale ya pamsika, omwe anakhala pa Chamama zaka makumi awiri osaitanidwapo ku kalikonse kupatula kukapereka shuga pamaliro. Wachiwiri anali Esau Makwinja, tenanti wa pa esiteti ya a Kamtedza. Anachokera ku Phalombe zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndi mkazi wake Feliya, ndipo panalibe ntchito ya kalabu yomwe iye sanabwereko ndi khasu lake. Tsiku loyamba anakhala pa desiki yakumbuyo, chipewa chili pamaondo. Anachita kumuitana katatu kuti asendere kutsogolo. Lamulo la kalabu linali lakuti m'chipindamo aliyense ndi membala basi, koma Esau sanathe kusiya kutchula wapampando kuti bwana.

Panatsala anthu amtundu wachitatu, omwe aliyense ankawadziwa koma palibe ankawatchula pamsonkhano. Awa anali anthu a ku Mwala, mabanja okwana makumi awiri okhala pa chitunda cha miyala kuseri kwa esiteti ya a Kamtedza. Dera lonse lomwe tsopano linali mizere ya fodya linali mudzi wawo kale. Anasamutsidwa zaka pafupifupi makumi asanu zapitazo, pomwe bambo a Cornelius anapeza lizi, chikalata cha boma chowapatsa malowo. Kuyambira pamenepo anthu a ku Mwala sankafika pa chilichonse chokhudza banja la Kamtedza. Ngakhale mjigo womwe kalabu inakonza pafupi nawo ankaulambalala, n'kumakatunga ku chitsime chakutali.

Tawonga anakwera njinga yake yamoto kupita kwa a Ephraim Kanyenda, mkulu wa mabanjawo, amene ankakhoma zidebe ndi mbaula pansi pa mtengo wa mthethe. Anawafotokozera kuti kalabu yatsegula khomo, ndipo ikufuna mmodzi wa iwo akhale nawo pamisonkhano. A Kanyenda anamvetsera osasiya kukhoma. Atamaliza chidebe anachiika pambali.

"Mayi, bambo ake a wapampando wanuyo anabwera ndi pepala ndi thirakitala. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Nyumba tinaziiwala, mango athu tinawaiwala. Koma amayi anga anali atagona m'manda miyezi isanu yokha pomwe thirakitala inadutsa pamwamba pawo. Ndiye mukuti ndizikavala malaya achikasu pamodzi ndi mwana wake?"

Tawonga anakwera njinga yake. Anabwerera, ndipo pamsonkhano wotsatira anawerenga mawuwo monga mmene anawamvera. A Kamtedza anayang'ana pansi, kenaka ananena kuti iwo anali ndi zaka zisanu pamene izi zinkachitika, ndipo kunyumba kwawo nkhani ya manda sinkatchulidwa. Anati sangabweze mudzi, koma manda angabweze. Kalabu inagwirizana kuti malowo apezeke, atchingidwe ndi mpanda, ndipo pakhale tsiku loyanjana mvula isanagwe. Aliyense anatuluka akumva kuti achita chinthu chachikulu, Tawonga kuposa onse.

A Kanyenda anavomera kubwera kudzaloza malowo. Linali tsiku lotentha la mu Sepitembala, minda ili mbee, mphepo ikuulutsa fumbi m'mizere yakale. Anabwera ndi achibale awiri, ndipo kumbali ya kalabu kunali a Kamtedza, Tawonga, a Abbasi ndi Esau. Anayenda kuyambira m'mawa. A Kanyenda ankafunafuna mkuyu waukulu womwe unali polowera kumanda, koma mkuyuwo unadulidwa kalekale, chitsa chake chomwe chinazulidwa. Kamtsinje komwe ankakakumbukira kanapatutsidwa pomanga damu. Ankaima pamalo ena n'kunena kuti ndi pano, kenaka n'kupukusa mutu. Dzuwa litafika pamutu anakhala pansi pamzere, n'kuvula nsapato imodzi yomwe inkawaluma. Ananena motsitsa kuti dziko analisintha nkhope, sakulizindikiranso.

Apo Esau, yemwe tsiku lonse ankayenda pambuyo, anavula chipewa.

"Bwana, mundikhululukire. Ine ndikudziwa pamene akufunapo."

Anawatsogolera kumunda wake, kumunsi kwa chulu chachikulu. Pakati pa mizere panali kamalo kosalimidwa, kokula ngati nyumba ya chipinda chimodzi, kozunguliridwa ndi nandolo zazitali. Esau anafotokoza kuti chaka chake chachiwiri pa esitetiyo, akukumba ngalande yoti madzi asamakokolole mizere, khasu lake linatulutsa mafupa, mikanda yoyera ndi phale la mbiya. Anachita mantha kunena, poopa kuti amuthamangitsa kapena anthu amuganizira zina. Iye ndi Feliya anabwezera zonse pansi, ndipo kuyambira pamenepo sanabzalepo fodya. Kapitawo atafunsa, anamuuza kuti pansi pake pali thanthwe. Nandolozo anabzala kuti ng'ombe za ngolo zisamapondepo.

A Kanyenda anagwada. Anayang'ana chulu, anayang'ana kumadzulo komwe kunali phiri, ndipo nkhope yawo inasintha. Malo anali omwewo. Patapita nthawi anafunsa Esau kuti mafupawo anawabwezera motani. Esau anayankha kuti anawakulunga m'chitenje cha mkazi wake, ndipo popeza sankadziwa komwe anthu akuno amalozetsa mutu wa womwalira, anangowagoneka mmene anawapezera. A Kanyenda anagwira dzanja la Esau ndi manja awo onse awiri, osalisiya. Tawonga anatembenukira kumbali chifukwa misozi inali itamudzadza.

Kenaka anayamba kuyeza. A Kanyenda anati manda ankayambira pa chulupo mpaka kumunsi kwenikweni, komwe ankaika ana. Achibale awo anakhoma zikhomo. Zikhomo zitatha, zinali zitazungulira pafupifupi munda wonse wa Esau, kungotsala kachidutswa kam'mbali kosakwana n'komwe kudzaza chigafa chimodzi choyanikamo fodya. A Kamtedza ananena pomwepo kuti malo onsewo abwerera kwa eni ake. Tawonga anafunsa kuti nanga Esau azilima kuti. Iwo anati zimenezo n'zazing'ono, aziona.

Patadutsa masabata atatu, Feliya anabwera kusikelo ndi mwana wake wamng'ono. Tawonga atamuyeza mwanayo anafunsa za kunyumba, ndipo Feliya anayankha mosamuyang'ana kuti kapitawo wawauza kuti pofika kumapeto kwa Novembala akhale atachoka m'nyumba ya pakomboni. Nazale yomwe Esau anafesa, n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo, inali itagawidwa kale kwa matenanti ena. Anzawo a pakomboni nawonso sankawalankhula bwino. Ena ankati Esau anadzionetsa pamaso pa mabwana, ena ankaopa kuti zikhomo zifika m'minda yawo.

Tawonga anapita kwa a Kamtedza tsiku lomwelo. Anawapeza pakhonde, ndipo iwo sanabise kanthu. Esitetiyo sinali yawo okha. Anali nayo ndi azichimwene awo awiri okhala ku Lilongwe, omwe anavomera zobweza manda mokakamizika, n'kunenetsa kuti pasatsegulidwe munda wina. Kampani yomwe inkawagula fodya inali itachepetsa kale kuchuluka kwa fodya woti alime chaka chimenecho. Minda yonse inali ndi eni ake, ndipo atapempha matenanti ena kuti aliyense apatuleko mizere ingapo, onse anakana, poti nawonso yawo inali yosakwanira. Tenanti wopanda munda, malinga ndi azichimwene awo, sangakhale m'nyumba ya esiteti.

"Ndayesa, amlembi," anatero a Kamtedza. "Kodi mukufuna ndikawauze a Kanyenda kuti manda ndiwapatsa theka? Ndimulembera kalata yabwino Esau. Esiteti iliyonse imulandira."

Tawonga anawakumbutsa kuti maesiteti onse anatenga kale matenanti awo mu Ogasiti. A Kamtedza anati akudziwa.

M'mawa mwake Tawonga anakwera chitunda cha ku Mwala. Ankayembekezera kuti a Kanyenda akamva, adzuka pomwepo. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka ananena kuti pamene iwo ankasamutsidwa palibe munthu anakwera njinga kukafunsa kuti azikalima kuti. Anatola nyundo yawo, koma sanakhome. Anaigwira m'manja kwa kanthawi, n'kunena kuti ayankhula ndi abale.

A Kanyenda anabwera okha kuchipatala patatha masiku anayi, atapalasa njinga yakapalasa dzuwa lonse lija. Anati anapempha kuti Esau alime chigawo chakumunsi chaka chimodzi chokha, koma amayi a ku Mwala anakana, poti kumunsiko ndi komwe kunagona ana, ena mwa iwo abale awo enieni. Anapemphanso kuti amupatseko malo pachitunda. Achinyamata anaseka, n'kufunsa kuti malo ake ati, poti iwo omwe amalima pakati pa miyala ndipo ena anathawira ku Zambia kukafuna minda. Mmodzi ananena kuti mlendo wa ku Phalombe wadya za m'nthaka yawo zaka zisanu ndi zinayi, zamukwana.

"Ndalephera, mayi," anatero a Kanyenda. "Munthu amene anafunditsa mafupa athu ndi chitenje cha mkazi wake. Ndalephera."

Msonkhano wa mu Okutobala unadzaza kuposa masiku onse. A Abbasi, omwe kuyambira pomwe analowa anali asanalankhulepo zambiri, anaimirira n'kupempha kuti mwambo uimitsidwe mpaka Esau atakolola. Anati akufa adikira zaka makumi asanu, miyezi isanu ndi umodzi siingawapweteke, koma amoyo njala siidikira. Tawonga anawavomereza. Koma mkulu wa mpingo anati tsopano popeza aliyense akudziwa kuti pamalopo pali manda, kubzalapo fodya ndi tchimo lochita dala. Mphunzitsi wamkulu anati makalata oitanira alendo a ku boma anapita kale, ndipo anthu a ku Mwala akamva zoimitsa adzati a Kamtedza abwerera m'mbuyo ngati bambo awo. Wina anati kalabu ndi yothandiza anthu, si ofesi yoweruza za ntchito za pa esiteti. Pomaliza wina anati mwini nkhani ali pomwepa, ndi membala ngati wina aliyense, bwanji anene yekha.

Esau anaimirira pang'onopang'ono. Malaya ake achikasu anali aakulu, ankamufika m'ntchafu.

"Ndikati ndilimepo, ndine munthu wolima pamitu ya anthu. Ndikati ndisalimepo, ana anga alibe pogona. Munandiitana kuti ndizidzalankhula nawo, ndipo ndinathokoza. Koma apa sindikuona choti ndinene."

Anakhala pansi. Atati akweze manja amene akufuna kuti mwambo upitirire, manja ambiri anakwera. Esau anayang'ana wapampando, anayang'ana anthu onse, ndipo naye anakweza lake. Ena anaomba m'manja, n'kumati taonani mtima wa munthu. Otsutsa anali Tawonga, a Abbasi ndi mayi wina wogulitsa mbewu. Tawonga, monga mlembi, analemba zomwe msonkhano wagwirizana.

Panafunika maenje a nsanamira za mpanda. Mamembala anagawana masiku, koma ambiri anatumiza uthenga kuti atanganidwa ndi kukonza minda. Esau, yemwe analibenso munda woti akonze, anakumba pafupifupi maenje onse yekha m'masiku atatu. Nandolo zija anazidula kuti pakhale poika mwala wachikumbutso. Feliya anatola nthambi zake kukasonkhera moto.

Mwambo unachitika pakati pa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe. Kunali tenti, mipando ya pulasitiki ndi zokuzira mawu. Panakonzedwa kuti pakhale mapemphero awiri, la mkulu wa mpingo ndi la a Abbasi, pofuna kuonetsa kuti kalabu tsopano ndi ya aliyense. Nthawi yawo itakwana, a Abbasi anangopukusa mutu ali pampando, ndipo woyendetsa mwambo anadumphira pa china msangamsanga.

A Kamtedza analankhula opanda pepala. Anatchula dzina la bambo awo, ananena zomwe zinachitika osazungulira, ndipo anapepesa. A Kanyenda anaimirira, n'kuwagwira dzanja pamaso pa anthu onse. Kenaka anthu a ku Mwala analowa mumpandamo. Amayi okalamba, ena ochita kugwiriziridwa, anagwada m'fumbi n'kuyamba kuitana mayina a anthu omwe sanatchulidwe poyera kwa zaka makumi asanu. Kulira kwawo sikunali kwa mwambo. Mayi wina ankasisita dothi ndi chikhato ngati akusisita msana wa mwana. Tawonga anabwera ali wokwiya, atakonzeka kudana ndi tsikulo, koma ataona zimenezi analephera. Chomwe chinkachitika mumpandamo chinali choyenera, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamulemera kwambiri.

Mlendo wa ku boma anayamikira kalabu, nati madera ena aphunzirepo. Anaitana Esau kutsogolo kuti anthu amuone, tenanti wochokera kutali amene analemekeza makolo a eni dziko. Anamuimika pakati pa a Kamtedza ndi a Kanyenda n'kuwajambula. A Kanyenda sanayang'ane kamera. Nthawi ya chakudya Esau sanaoneke.

Esau ndi banja lake anachoka Lachiwiri m'mawa. A Abbasi anabwera ndi galimoto yawo yonyamulira katundu wa golosale, poti anali atamupezera malo kwa mnzawo wina ku Simlemba, osati a utenanti koma a ganyu, ndi kanyumba kogonamo. Katundu sanachedwe kukwera: mphasa, ndowa ziwiri, makasu, thumba la chimanga losadzaza ndi nkhuku zitatu zomangidwa miyendo. Matenanti anzawo ankaonerera ali m'makomo mwawo. A Kamtedza anatumiza kalata ija kudzera kwa kapitawo.

Galimoto isananyamuke, Feliya anakoka pamkono Tawonga, yemwe anabwera kudzawatsanzika, n'kumuuza kuti amutsate. Anadutsa kuseri kwa zigafa mpaka m'kankhalango ka bulugama, komwe matenanti ankaika akufa awo poti kumanda a m'midzi yozungulira sankaloledwa. Kunali timitumbira tosalembedwa, tina titafafanizika kale. Feliya anaima pa kamodzi komwe kanali ndi miyala inayi m'makona. Anati apa pagona mwana wawo wachiwiri, Sellah, yemwe anamwalira ndi malungo ali ndi zaka ziwiri, Tawonga asanabwere kuderali. Anawerama n'kuzula udzu pang'ono.

"Adokotala, ine sindikudana nawo anthu a ku Mwala. Amayi awo ndi amayi. Koma wanga uyu mpanda wake adzamanga ndani? Kapena naye adikire zaka makumi asanu?"

Tawonga anati adzaikamo nkhaniyi pamsonkhano. Feliya anamuyang'ana, n'kupukuta manja pachitenje, ndipo anabwerera kugalimoto.

Nkhaniyo Tawonga anaiikadi pamsonkhano wa mu Disembala. Mamembala anati ndi mfundo yabwino, koma nthawi ino aliyense ali kumunda, aikambirane mvula ikatha. A Kamtedza anati ayenera kufunsa kaye azichimwene awo, poti bulugamayo ndi amene amadulako mitengo ya zigafa. Mpando wa Esau anati uperekedwe kwa tenanti wina, ndipo Tawonga anayenda m'makomboni a maesiteti atatu kufunafuna munthu. Aliyense anamulandira mwaulemu, n'kukana. Bambo wina anamuuza mosabisa kuti iye ali ndi ana asanu, sangakwanitse kukhala membala. A Abbasi anapitiriza kubwera miyezi iwiri, kenaka anayamba kungotumiza moni. Kuchokera ku Mwala kunkabwera mphwake wa a Kanyenda, yemwe ankakhala chete kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

A Kanyenda anamwalira mu Febuluwale atadwala chibayo sabata imodzi. Anaikidwa mumpanda uja, pafupi ndi chulu, munthu woyamba kuikidwa m'menemo patatha zaka zonsezo. Kalabu inathandiza kukumba manda ndi kunyamula madzi, ndipo anthu a ku Mwala analola. Mphwake uja anauza Tawonga pambali kuti malume ake ali gone anafunsa kawiri ngati pali amene wamva za munthu wa ku Phalombe uja.

Mu Malichi Tawonga anatumidwa kukathandiza pa katemera ku Simlemba. Tsiku lachiwiri, akudutsa pa esiteti ina, anaona anthu akusoka fodya m'chigafa, ndipo mmodzi wa iwo anali Esau. Anali ataonda, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anadzuka kudzamupatsa moni mwaulemu womwe uja. Anati Feliya ndi ana anawatumiza kwawo mu Januwale, chifukwa ganyu sinkakwanira kudyetsa anthu asanu, ndipo mwana wamng'ono anayamba kutupa mapazi. Kwawoko analibe munda, anangofikira kwa mlongo wake wa Feliya. Iye anatsala kuti aone ngati mu Ogasiti angapeze utenanti penapake.

Tawonga anamuuza za imfa ya a Kanyenda, ndi kuti anamufunsa. Esau anavula chipewa. Kenaka anafunsa ngati mpanda uja unapirira mvula, poti nsanamira za kumunsi anazikumbira m'dothi lofewa. Tawonga anati ulipo. Anafuna kupepesa, anayamba kunena kuti akanadziwa sakanamulowetsa m'kalabumo, koma Esau anamudula mofatsa.

"Ayi, adokotala. Tsiku lija akulu aja atakhala pansi nsapato ili m'manja, ngakhale ndikanakhala kuti si membala ndikananena. Munthu sungangoyang'ana." Anavalanso chipewa. "Koma dzina langa mulifufute m'buku mwanumo. Asamaliwerenge pamsonkhano ngati kuti ndilipo."

Pempho lake lina linali lakuti Tawonga akapeza mpata azikaonako m'bulugama muja, udzu usamere pa mwana. Kapitawo wa pamenepo anali atayamba kuyang'ana, ndipo Esau anabwerera kukakhala pansi pakati pa anzake, n'kutola singano yake.

Tawonga anapita kumanda a m'bulugama muja kawiri, kamodzi mu Epulo ndi kamodzi mu Meyi, ndi kakhasu kakang'ono kobwereka. Ulendo wachiwiri anapeza anthu akudula mitengo chapafupi, ndipo anawapempha kuti asagwetsere mbali imeneyo. Anavomera. Mu Juni kunabwera kalata yomusamutsira ku chipatala china ku Dowa. Pamsonkhano wake womaliza nkhani ya manda a matenanti inali pa nambala 6 pa mndandanda wa zokambirana, ndipo nthawi inatha ali pa nambala 4. Anamuthokoza chifukwa cha ntchito yaikulu yomwe anagwira yogwirizanitsa anthu, anamupatsa chitenje ndi mbale zagalasi, ndipo anasankha mlembi wina.